Mfundu za Goliati wa Kabaza

Akulu, ndakuonani. Chikhalireni pa benchipo maso anu ali pamutu pangapa, ndiye musavutike ndi kuba maso, yang'anani bwinobwino. Mvula iyi sikata msanga, ndipo ine sindipalasa njinga m'matope a ku Nkhulambe kuno ngakhale mutandilonjeza mbuzi. Sunthirani kuno ndikuuzeni mmene mpala uwu unabwerera, chifukwa anzanga a pa siteji pano akakuuzani okha aikamo mchere wambiri.

Ine ndine Goliati, wa kabaza. Kwathu ndi ku Nazombe, kuno ndinabwera kudzakwatira. Funsani aliyense, akuuzani kuti dera lonse lino munalibe mwamuna wa tsitsi ngati langa. Lakuda bii, lowirira, loimirira kuzungulira mutu wonse, chipeso chachitsulo nditabaya pambali. Ndikamatsika mtsetse wa kumsika ana ankasiya mpira n'kumandiloza. Azimayi ankakwera njinga yanga ngakhale pa ulendo woti akanatha kuyenda wapansi, koma izo tisakweze mawu, mkazi wanga Belita ali ndi makutu paliponse.

Tsono chimene chinandigulitsa ndi pakamwa pangapa. Pa ukwati wa msuweni wanga ku Nazombe, wometa wina dzina lake Gracious, atakhuta mowa, anandikuwiza pagulu kuti ndipite akanditchetchere thengo. Ine magazi anawira. Ndinalanda chimkuzamawu kwa woyendetsa mwambo.

"Tamverani nonse! Lumo lidzakhudza mutu uwu tsiku limodzi lokha, tikadzaika amayi anga m'manda. Kupanda apo, ayi!"

Mwambo wathu mukuudziwa, maliro akatha abale timameta. Anthu anaomba m'manja, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Amayi anga, a Eveles, anali pomwepo akutafuna nzimbe. Anangondiyang'ana, n'kulavula zotafuna zawo pansi. Mawu aja anandikomera, moti ndinawabwereza ku mpira, pa siteji, kumsika, mpaka ana a sukulu anawaloweza kuposa mateboro.

Ndiye kunabwera mfundu. Inu, tamverani, mfundu za anthu ena zimakhala tinthu toyera tiwiri titatu pa phewa. Zanga zinali gaga weniweni. Mutu unkayabwa ngati mwalowa linthumbu, ndipo ndikangokanda kamodzi, malaya onse mbuu. Munthu wolima m'munda zimenezi si nkhani, mphepo imatenga n'kupita nazo. Koma taganizani ntchito yangayi. Wokwera amakhala kumbuyo, mphuno yake ili pa khosi panga, ndipo mphepo imachokera kutsogolo. Chilichonse chochoka m'mutu mwanga chinali ndi kofikira.

Oyamba kulandira anali abusa ena a suti yakuda, amene ndinawanyamula Lamulungu m'mawa. Tikufika pa tchalitchi, akulu ampingo anawafunsa ngati adzera ku chigayo. Tsiku lina mayi wina wa mwana kumsana anandigwira malaya pakati pa njira.

"Achimwene, taimani."

"Sitinafike, mayi."

"Ndikudziwa. Mwana wanga akuyetsemula, ndipo ine zandilowa m'kamwa. Kotsalako ndiyenda."

Mbiri inawanda. Anthu akafika pa siteji ankandipatsa moni mwaulemu, kenako n'kukwera njinga ya Chance, mnzanga uja wakhala apoyo, munthu wa njinga yopanda mabuleki ndi kamutu ngati dzira. Ine tsiku lonse kumangokhala, kumakanda.

"Bambo a Princess, pitani kuchipatala," anatero Belita.

Ndisananyamuke n'komwe, ndinakumana ndi mlangizi wa zaumoyo pa mjigo, ndipo ndinamunong'oneza nkhaniyo. Anati mankhwala otsukira alipo, koma ndiyambe ndameta kuti afike pakhungu.

"Kumeta? Bwana, mukufuna ndiphe amayi anga?"

Nkhani ya chipatala inathera pomwepo. Ndinatsimikiza mtima kuti mfundu zichoka koma tsitsi likhala, ndipo mankhwala ndiwapeza m'mudzi momwemu. Akulu, m'dziko muno simusowa madokotala. Ungoti mutu ukuyabwa, aliyense amene ali ndi pakamwa ndi sing'anga.

Woyamba anali Belita yemwe. Anati ndifinye ndimu imodzi, ndithiremo kasoda kophikira therere pang'ono, ndipake. Ine ndinayang'ana ndimu imodziyo, ndinayang'ana kukula kwa tsitsi langa, ndinaona kuti mkaziyu sadziwa masamu. Ndinathyola ndimu zodzaza beseni, soda paketi yonse. Chimene ndinaiwala n'chakuti zikhadabo zanga zinali zitalima kale mizere m'mutu monse. Nditangothira, ndinaona nyenyezi dzuwa lili pamutu. Ndinathamanga osavala malaya mpaka pa mjigo, kukankha zidebe za azimayi, mutu n'kuika pansi pa mpopi.

"Popani! Amayi inu, popani!"

"A Goliati, pali mzere pano."

"Mzerewo ndidzaima mawa, popani!"

Anapopa, koma akuseka mpaka ena kukhala pansi. Mfundu zinapuma tsiku limodzi, kenako zinabwerera ndi abale awo.

Wachiwiri anali Chance. Anati alovera ndiye mapeto a zonse, ungodula tsamba, n'kupaka madzi ake.

"Koma mukumudziwa alovera, a Goliati? Ndikakuonetseni?"

"Iwe, ine wobadwira kumudzi ndionetsedwe tsamba ndi iwe?"

Kumalire a munda wa apongozi anga kunali chomera cha masamba aatali, okhuthala, a minga kunsonga. Ndinati ameneyu ndiye alovera wamkulu, osati tating'onoting'ono ta m'zitini ta anthu a m'tauni. Ndinadula masamba, kusinja mu mtondo, kufinyira m'mutu mpaka madzi kutsikira m'khosi ndi kumsana. Inu, linali khonje. Amene munapotapo chingwe mukudziwa mmene madzi a khonje amayabwira pa mkono pokha. Ine ndinasamba. Makutu anatupa, khosi linatupa, ndinkadzikhula pa mtengo wa mango ngati ng'ombe. Apongozi, poti mwaulemu wathu salankhula nane maso ndi maso, anaima kuseri kwa nkhokwe n'kuitana mwana wawo mokweza kuti mudzi wonse umve.

"Belita! Tawafunsa amuna akowo, chingwecho akufuna kupotera m'mutu momwemo?"

Pofika apa ndinali nditatsala ndi kasitomala mmodzi wokhulupirika, a Anastazia, aphunzitsi a ku pulayimale, amene ankadzikuta chitenje kumutu akamakwera ngati tikudutsa m'fumbi. Iwowa ndiwo anabwera ndi nzeru za pa foni.

"A Goliati, zimene mukuchitazi n'zachikale. Apa alemba kuti peyala lakupsa, dzira laliwisi ndi uchi. Musakanize, mupake, mukulunge jumbo kwa kanthawi, kenako mutsuke."

Mankhwala a anthu ophunzira! Ndinapaka m'mamawa, kukulunga jumbo ya buluu, n'kumanga ndi mphira. Za kanthawi zija ndinaona kuti n'za anthu a mfundu zochepa. Zanga zinkafunika tsiku lathunthu, choncho ndinapita ku ntchito chomwecho. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo dzuwa la kuno mukulidziwa, limaotcha ngakhale mthunzi. Pofika masana dzira linali litapsa, peyala litasasa, uchi ukutsikira kuseri kwa makutu. Ntchentche zinayamba kundiperekeza, agalu awiri pambuyo. Pamene ndinkakatenga a Anastazia poweruka, njuchi nazo zinali zitamva uthenga.

"A Goliati, simunatsuke?"

"Mankhwala akugwira ntchito, madamu. Kwerani."

Sitinapite patali. Njuchi imodzi inalowa m'chitenje chawo chija, ndinangomva njinga yapepuka. Kucheuka, aphunzitsi athunthu ali m'munda wa nandolo, nsapato imodzi kumanja, makope a ana ali mbwee mumsewu. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kukwera ya Chance. Anati bola kufa ndi mabuleki.

Ndinakhala pa siteji wopanda wokwera ndi mmodzi yemwe, kunyumba ndiwo zikuvuta, Belita nkhope ili gwa. Mtima unandiwawa zedi, akulu, chifukwa njinga ija ndiyo munda wanga. Ndi pamene a Ahamadi, omata machubu pansi pa mtengo uwo, anandiitana. Munthu wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono, wa mtundu uja woti akanena bodza umapepesa ndiwe.

"A Goliati, anthu onsewa akukunamizani. Kodi makasitomala akuthawa chifukwa muli ndi mfundu?"

"Nanga n'chiyani?"

"Akuthawa chifukwa zikuuluka. Zikanakhala phee m'mutu mwanumo, ndani akanadziwa? Ine ntchito yanga ndi yomweyi. Chinthu chikamafunduka, timamata."

Ndinaona kuwala. Tsiku lomwelo ndinakatema mtengo wa kachere, kutunga utomoni, kuuphika mpaka unasanduka ulimbo weniweni uja timakolera mbalame. Ndinasakaniza ndi mafuta a nsatsi kuti ulowerere, n'kupaka kuyambira pamphumi mpaka pankhongo. Ndipo ndikuuzeni zoona, zinatheka! M'mawa wonse palibe kanthu kanagwa. Ndinapukusa mutu pamaso pa anzanga onse, phewa loyera bwino. Ndinanyamula anthu atatu motsatizana, tsitsi likunyezimira, ine ndikuimba nyimbo.

Kenako ndinadutsa pamene azimayi ankapeta nandolo. Mankhusu onse anandikonda. Patsogolo pang'ono wina ankasosola nkhuku, nthenga nazo zinapeza pokhala. Ndikufika kunyumba m'mutu munali mankhusu, nthenga, udzu ndi chiwala chamoyo chikupalapata. Ndinati ndipume kaye ndisanaganize chochita, n'kugona pa mphasa pansi pa mango. Podzuka, mphasa inadzuka nane.

Belita anakoka, ine kukuwa. Anathira madzi otentha, ulimbo unangomwetulira. Anayesa sopo, phulusa, mafuta ophikira, ayi ndithu. Ndinayenda kuzungulira bwalo mphasa ili kumsana, apongozi akutsokomola kuseri kwa nkhokwe, chifuwa chake chokayikitsa. Pomaliza Belita analowa m'nyumba n'kutuluka ndi lezala.

"Bambo a Princess, sankhani. Mumete, kapena muzipalasa njinga ndi mphasa."

"Nanga lumbiro langa?"

"Lumbirolo linali la tsitsi. Ichi ndi chisa."

Ndinalira, akulu, sindikubisirani. Tsitsi limene ndinalisamala kuyambira ndili mnyamata linachoka lonse pamodzi, litamatirira ku mphasa, Belita n'kukaponya kudzala. Ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu. Nzeru yanga inali yoti ndivale chipewa cha ulusi mpaka tsitsi limerenso, anthu aziti ndalipanikiza mkati.

M'mawa mwake ndinasiya foni kotchajitsa, ndinapeza mlendo wosandidziwa wopita kutali, tinanyamuka. Tili pakati pa ulendo, ndinaona masamba aikidwa mopingasa msewu. Maliro. Mukudziwa lamulo lake, wa njinga amatsika, wa chipewa amavula. Ndinatsika, koma chipewa ndinayamba ndachedwa nacho. Adzukulu okumba manda anali chikhalire m'mbali mwa msewu, makasu ali m'manja, maso onse pa ine. Amenewo sakambirana nawo. Ndinavula.

Pakati pa azimayi amene anakhala pamenepo panali a Aliness, oyandikana nyumba ndi amayi anga ku Nazombe. Anayang'ana mpala wanga. Anayang'ana maso anga, ofiira ndi kulira kwa dzulo lake. Anagwira pakamwa. Ine ndi manyazi ndinangoweramitsa mutu, n'kukankha njinga mofulumira, poti pa maliro a eni sucheza. Ndikukweranso njinga kutsogoloko, iwo foni inali kale pakhutu.

Tsono chimene chinathira mafuta pamoto n'chakuti amayi anga anali atapita ku Mozambique kukaona abale ndi kukagula makaka, chinangwa chouma chija, ndipo nyumba yawo inali yokhoma kwa masiku ndithu. A Aliness anaphatikiza loko wa pachitseko, mpala ndi maso ofiira, yankho linatuluka lokha.

Ndikubwerera pa siteji dzuwa litapendeka, Chance anandikumbatira. A Ahamadi anavula chipewa. Ndisanafunse, ndinaona Belita akubwera chothamanga, chitenje chili m'manja.

"Bambo a Princess, palasani! Kwanu kuli maliro a amayi anu, ndipo mwawapha ndinu ndi mutu wanuwo."

"Sunawauze zoona?"

"Ndawaimbira amalume anu, ndawauza kuti ndakumetani ndine chifukwa cha ulimbo. Akuti ndisamasewere ndi maliro."

Sindinapalasepo njinga ngati tsiku limenelo. Tikufika ku Nazombe, masamba ali pamsewu, bwalo la amayi ladzaza. Azimayi a mpingo akuimba, ena akugubuduka m'fumbi, mbale za ufa zili ndandanda pakhonde, nkhuni mulu. Amalume anga a Amosi, mlongo wawo wa amayi, anandigwira pakhosi ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo linali ndi chingwe, ndipo kuchingweko kunali mbuzi za amayi.

"Iwe mwana wopanda mwambo! Wakaika mlongo wanga ku Mozambique ngati galu, osandiuza ine mwini mbumba?"

"Amalume, amayi sanamwalire. Ndi mfundu."

"Mfundu zapha mlongo wanga?"

"Ayi, mfundu ndi zanga. Ndinapaka ulimbo, ndiye mphasa..."

Azimayi analira mokweza kuposa poyamba. Wina anati, "Mugwireni, chisoni chamuzunguza mutu." Anandikhazika pansi, kundikupiza ndi chitenje, kundimwetsa madzi. Ndikati ndifotokoze za khonje, iwo ankati pepa, pepa mwana wamasiye.

Nyimbo inadukira pakati. Ndinadzutsa mutu, ndipo kunjira yochokera kumalire kunkabwera munthu wamfupi, thumba la makaka lili pamutu, nzimbe ili m'manja. Inu! Anthu anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. A Aliness analowa m'khola la nkhumba. Mtsogoleri wa kwaya anasiya nsapato zonse ziwiri. Amayi anatula thumba lawo pakhonde bwinobwino, kupukuta thukuta, n'kuyang'ana bwalo lonse.

"Wafa ndani?"

Amalume anataya chingwe mwakachetechete n'kuchiponda ndi phazi.

"Achimwene, mbuzi zangazo mumapita nazo kukamwetsa madzi?"

"Ndimati zingasowe m'chipwirikiti, mlongo."

"Zikomo pondisungira. Zibwezeni m'khola."

Atamva kuti maliro ndi awo, sanakuwe. Anayamba kuyendera mbale za ufa imodziimodzi, akuvundukula.

"Aliness, tuluka m'kholamo. Mgaiwa? Ine pa maliro a amuna ako ndinabweretsa ufa woyera, wodzaza lichero. Ndipo uyo wavala chitenje changa cha pa chingwe ndi ndani? Nanga akumpanda kwa a Goodman sanabwere? Chabwino, ndadziwa."

Atamaliza kalembera wawo anafika pa ine. Anandivula chipewa ndi zala ziwiri. Amayi anga akakwiya amasiya Chichewa, ndiye zimene ananena m'Chilomwe sindingazibwereze pano, pali ana. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, ndimu, khonje, dzira, ulimbo, mphasa, pamaso pa anthu omwe aja anandiombera m'manja pa ukwati. Amene ankagubuduka ndi kulira anayamba kugubuduka ndi kuseka. Amayi okha sanaseke. Anasisita mpala wanga ngati akuyesa dzungu pamsika.

"Goliati, unalengeza pa chimkuzamawu kuti udzandimetera. Wameta, ndaona ndi maso anga, ndalandira. Tsono tamvera. Ukalisunganso tsitsili, mfundu zidzabweranso, udzapakanso zopusa zako, udzametanso, anthu awa adzandiliranso, achimwene adzamanganso mbuzi zanga. Ine kufa kawirikawiri sindingathe, ndili ndi munda. Kuyambira lero mutu uwu ukhala chonchi. Tsitsi udzasunga ine nditapita. Anthu akadzaliona likumera, adzadziwe kuti Eveles wapitadi."

"Amayi, koma..."

"Imirira, ulumbire mokweza. Pakamwa pako timapadziwa, sipafuna chimkuzamawu."

Ndinalumbira, mboni mudzi wathunthu. Ufa ndi nkhuni amayi sanabweze, anati za maliro sizibwerera.

Ndiye ndi umenewu mpala mukuuonawu. Mfundu zinatha, poti Belita anakanditengera mankhwala aja a kuchipatala ndipo anafika pakhungu popanda chowatchinga. Makasitomala anabwerera, ngakhale a Anastazia. Chipeso changa chachitsulo Belita akupalira mamba a nsomba. Tsiku lililonse la msika amayi amabwera wapansi kuchokera ku Nazombe, lezala atamanga pa nsonga ya chitenje, n'kundiyendetsa chikhatho pamutu pompano pa siteji, anzanga akuonerera. Akangomva kokhakhala, ndimagwada.

Mukuti ndipirire, ndi okalamba, tsitsi ndidzasunga posachedwa? Akulu, choyamba, amenewo ndi amayi anga, samalani pakamwa. Chachiwiri, mukudziwa amene amakawaona ku Mozambique kuja? Amayi awo. Agogo angawo chaka chino alima okha maekala awiri a chinangwa.